Wakufa Amene Analemba Mayeso

Mnyamatayo anagwa atatsala ndi kuzungulira bwalo kawiri kokha. Amene anali pafupi ndi waya ananena kuti sanapunthwe, sanagwire pachifuwa, ngakhale kufuula sanafuule. Mawondo anangolobodoka, iye n'kugwa chafufumimba pa mzere woyera. Anzake amene anawasiya kutali anamudutsa mmodzimmodzi, ndipo chinamtindi cha ophunzira chinapitiriza kuimba dzina limene chinamupatsa, "Mphenzi! Mphenzi!", poganiza kuti adzuka. Sanadzuke.

Linali Loweruka, tsiku lomaliza la sabata ya masewero ndi zisudzo pa yunivesiteyo. Pamene a Sajeni ankafika, dzuwa lili paliwombo, mpikisano wolumpha unali utayamba kale ndipo chinkuzamawu chinkaitana makwaya kuti akafole kuholo. A Sajeni anali mayi wachikulire wa bondo limodzi lovuta, wotsala ndi chaka chimodzi kuti apume pa ntchito ya upolisi. Malo ngati amenewa sankawakonda. Ankati kumsika wakuba amathawa, ndiye umadziwa woti umuthamangitse, koma pa yunivesite aliyense amakupatsa mpando.

Mtembo unali pa bedi m'kachipatala ka pasukulupo, nambala 47 ikadali pachifuwa. Namwino, mayi wojintcha wa magalasi olendewera pa chingwe, anaima pambali manja ali m'chiuno. Sankaoneka wachisoni. Ankaoneka wokwiya.

"Ndinamuletsa ine ameneyu," anatero a Sajeni asanafunse n'komwe. "Milungu itatu yapitayo. Chaka chino anaika lamulo loti wothamanga aliyense tizimuyeza kaye. Nditamvetsera pachifuwa ndinachita kuvula chomvetseracho n'kuchipukuta, kuganiza kuti mwina chaonongeka. Mtima unkamenya ngati chitseko chosatseka pa mphepo. Ndinamuuza kuti iwe, ngakhale basi izikusiya, usaithamangire."

"Iye anati chiyani?"

"Anaseka. Akuti asisitala, mtima umenewu uli ndi ntchito, udzapuma ikatha."

"Zimenezo munalemba?"

"Pa fomu, ndi dzanja langali, n'kudinda chidindo. Ndinaika mu envulopu, n'kumata, kuti akapereke kwa kochi wawo. Lero ndingomva phokoso, akundibweretsera pa machira. Mukufunsa ine? Kafunseni amene anamuveka nambalayo."

A Sajeni anavundukula nsalu. Nkhope inafanana ndi ya pa chitupa cha sukulu chimene chinali m'chikwama cha mnyamatayo: mphumi yotakata, kampata pakati pa mano akutsogolo. Chitupacho chinkati ndi wophunzira masamu wa chaka chachinayi, chomaliza. Koma atanyamula dzanja lake anakhala nalo kanthawi. Chikhatho chinali chokhakhala ngati khungwa, m'zikhadabo muli zakuda zosamva sopo, ndipo mkono wonse mpaka m'chigongono unali ndi timabala ta moto, takale ndi tatsopano.

"Masamu a masiku ano amawotcha?" anafunsa.

Namwino anasuzumira, n'kukweza mapewa. "Ine ndimayeza amene wabwera ndi chitupa."

* * *

A Sajeni anamupeza kochi m'kachipinda kosungiramo mipira, kuseri kwa mipando ya oonerera. Anali mwamuna wamtali wa mimba, wenzulo ili m'khosi, akumwa madzi a m'botolo koma ambiri akutsikira pa malaya.

"Mayi, mwana amene uja ndi wanga. Wanga! Zaka zinayi, mamendulo khumi ndi imodzi. Yendani m'mayunivesite onse mufunse za Mphenzi, akuuzani. Ine ndingamuphe bwanji? Munthu amapha ng'ombe imene ikumukokera ngolo?"

"Wanena za kupha ndani?"

Kochi anaika botolo pansi. "Ayi, ndimangonena."

"Namwino akuti anamuletsa kuthamanga."

"Bodza! Mayi amene uja amadana ndi masewero. Akanakonda tonse titangokhala pansi n'kumamwa mapiritsi." Anasolola faelo pansi pa mulu wa mayunifolomu, ananyowetsa chala, n'kutulutsa pepala. "Onani nokha. Chidindo chake ichi. Kusaina kwake uku."

Pa mzere wa ndemanga panalembedwa kuti: angathe kuthamanga. Mtima uli bwino.

A Sajeni anapita nalo pakhomo pepalalo, n'kulikweza kudzuwa. Kutsogolo kwa liwu loyamba pepalalo linali lopyapyala, kuwala kukudutsa ngati pa nsalu yakutha. Wina anapalapo ndi lezala, mosamala kwambiri, chilembo chimodzi chokha. Namwino analemba kuti Sangathe kuthamanga. Analembanso liwu limodzi, Mtima, n'kulekera pomwepo. Mawu awiri otsatirawo, uli bwino, inki yake inali yofanana, koma dzanja linali lina. Zilembo zake zinali zazing'ono, zoima bwino, ndipo chilembo cha l chinali chokhota kumutu ngati chogwirira cha ambulera.

"Envulopu inakupezani yomata?"

"Panalibe envulopu. Mphenzi anangondipatsa pepala, ine n'kuponya mufaelo. Othamanga makumi atatu, mayi, ndiziwerenga chilembo chilichonse?"

A Sajeni anamupatsa kabuku kawo ndi cholembera. "Lembani apa. Uli bwino."

Kochi analemba lilime lili panja. Zilembo zake zinali zazikulu, zogwerana ngati anthu oledzera. Sanali iye.

* * *

Wachiwiri kwa mkulu wa yunivesite, amene aliyense ankangowatchula kuti a Wachiwiri, anali ndi ofesi ya kapeti ndi kabati ya magalasi yodzaza zikho. Anali bambo wa mawu ofewa, wopukuta manja ndi kansalu nthawi iliyonse. Anawapatsa mpando a Sajeni, n'kuitanitsa tiyi.

"Mayi Sajeni, tonse mitima yasweka. Koma tiyeni tisathamange... pepani, liwu limenelo silabwino lero. Tiyeni tifatse. Mwana anali ndi matenda obisika, zachitika, madzi akatayika saoleka. Ife tikonza bokosi ndi galimoto, kwaya yathu ikaimba. Chimene tikupempha ndi kapepala kanu koti palibe chokayikitsa, alendo athu asanabwerere kwawo ndi nkhani zosakhala bwino."

"Makolo ake mwawauza?"

"Tikufunafuna nambala yawo."

Chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Analowa mkulu wamfupi wa imvi, jekete yake yoyera ndi choko m'matumba, atakumbatira mpukutu wa mapepala omanga ndi labala. Anali mphunzitsi wa masamu.

"Pepani kulowerera. Ndamva pa chinkuzamawu kuti tikhale chete mphindi imodzi pokumbukira wophunzira wanga. Ndakhala chete, monga mwa pempho. Tsopano ndati ndidzafunse kuti wamwalira nthawi yanji."

"Itangodutsa leveni koloko," anayankha a Sajeni.

"Ndiye tili ndi chozizwitsa," anatero mphunzitsiyo. "Chifukwa kuyambira naini koloko mpaka thwelofu, malemuwo anali pa desiki lachitatu kuchokera pawindo, akulemba mayeso anga. Anapemphanso pepala loonjezera."

Kapu ya a Wachiwiri inagogoda pa mbale.

* * *

Ofesi ya mphunzitsiyo inali pamwamba pa masitepe makumi anayi, ndipo bondo la a Sajeni linawawerenga onse. Mkuluyo anachotsa mabuku pa mpando, n'kutsegula kaundula wa mayeso. Dzina la pa chitupa chija linalipo, atasainira pambali pake.

"Mayeso amenewa anayenera kulembedwa Lachisanu," anatero. "Koma holo anaipereka kwa a zisudzo kuti aziyesereramo kufa ndi kudzuka, ine n'kuuzidwa kuti masamu adikire. Ndinawasunthira lero m'mawa, m'kalasi mwanga. Kochi anabwera kawiri kudzandichonderera kuti wophunzira mmodzi adzalembe Lolemba. Ndinamufunsa kuti nanga bwanji mpikisanowo sudikira Lolemba? Sanabwerenso."

"Mnyamatayo mumamudziwa bwino?"

"Pa zaka makumi atatu ndaphunzitsapo ana anayi okha amene amamva masamu usanamalize kufotokoza. Uyu ndi wachinayi. Koma kuthamanga? Mayi, mwana amene uja akakwera masitepe mwakwerawa amafika pano akupuma ngati wasenza thumba la simenti. Ndinkamva kuti akutenga mamendulo kumayunivesite ena, ine n'kumati dziko lili ndi zodabwitsa zake. Kubwalo sindipitako. Ndipo aka n'koyamba kuti mpikisano waukulu uchitikire pakhomo pano."

"Anzake a m'kalasi sanazindikire?"

"M'kalasi mwanga muli ana khumi ndi awiri, ndipo ana a masamu amadziwa kusunga yankho."

"Nanga inu simunakayikepo?"

Mkuluyo anavula magalasi, n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Nthabwala zinamuthera.

"Ndinakayika. Ndinasankha kusafunsa. Pano wothamanga amaphunzira ulere. Ndiye mwana wosauka akuphunzira chifukwa cha miyendo, iwe upite ukanene kuti miyendoyo si yake? Ngati n'kulakwa, lembani kuti ndinalakwa."

"Ali kuti tsopano?"

"Atapereka pepala anatuluka osayang'ana munthu. Kuchipinda kwake ndatumako, kulibe."

A Sajeni anapempha pepala la mayesolo kuti likhale umboni woti wophunzirayo anali moyo nthawi imene ankamulengeza kuti wafa. Mphunzitsiyo analipereka monyinyirika, ngati akubwereketsa mwana.

"Sindinalichonge," anatero. "Musalipinde."

* * *

A Sajeni anamupeza kochi akukhoma loko, chikwama chili paphewa.

"Amene wagona pa bedi uja ndani?"

"Ndakuuzani kale, ndi wophu..."

"Wophunzira wanu walemba mayeso lero. Ndikufunsa wa manja a moto uja."

Kochi anayang'ana kubwalo, kumene anyamata ankazula mbendera za mitundumitundu. Kenako anakhala pa thumba la mipira.

"Ndi mkulu wake. Bere limodzi, kusiyana zaka ziwiri. Amawotcherera zitsulo kuseri kwa depoti ya mabasi. Zaka zinayi zapitazo ndinamuona m'mawa akuthamanga mumsewu kupita kuntchito, nsapato zili m'manja. Ndinamutsatira pa galimoto makilomita asanu ndi atatu, munthu osasintha liwiro. Ndinati iwe, bwera kuyunivesite. Iye akuti bwana, ine sukulu ndinalekeza ndili mwana bambo atamwalira, koma ndili ndi mng'ono wanga, anakhoza bwino, akungokhala pakhomo. Ndiye mutu unagwira ntchito, mayi. Wina aziwerenga, wina azithamanga, dzina limodzi. Kipisi, magalasi akuda, ndani angasiyanitse? Analuza ndani? Sukulu inapeza zikho, mwana anapeza maphunziro."

"Akuluakulu akudziwa?"

Kochi anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mano. "Zikhozo zili mu ofesi ya ndani? Koma mukawafunsa adzati ine sandidziwa n'komwe. Tsono za mtimazo, mayi, ndikulumbira, sindinadziwe. Ndikanadziwa..."

"Mukanadziwa?"

Anaganiza kaye, ndipo anayankha zoona.

"Ndikanamuuza kuti athamange pang'onopang'ono."

A Sajeni anabwerera ku galimoto yawo, anatsegula mawindo, n'kutambasula bondo. Pepala la mayeso linali pa mpando wa pambali. Analitsegula pongofuna kuona kuti masamu a munthu wanzeru amaoneka bwanji. Masamba anali odzaza manambala ndi zizindikiro zimene sanazimve, koma apo ndi apo panali mawu ofotokozera, a zilembo zazing'ono, zoima bwino. Anatulutsa fomu ya namwino, n'kuiika pambali pake. Anayang'ana nthawi yaitali, akufunafuna kusiyana. Pa tsamba lililonse l anali wokhota kumutu.

* * *

Lamulungu m'mawa kuseri kwa depoti kunali zii. Shedi ya owotcherera zitsulo inali ya malata akale, panja ataimika mafelemu a mawindo ndi geti limodzi losamaliza. Kumbuyo kwake kunali kachipinda ka bedi limodzi, ndipo mamendulo anali atakolekedwa pa msomali pamodzi ndi thaulo.

Pa benchi panakhala mayi woonda wa duku lakuda, kachikwama ka ulendo kali pamiyendo. Anali atafika ndi basi yoyamba. Pansi, atatsamira mwendo wa tebulo, panali mnyamata wa mphumi yotakata ndi kampata pakati pa mano. A Sajeni anaima pakhomo. Inali nkhope yomwe anaivundukula dzulo, kungoti iyi inkaphethira.

"Ndimakudikirani," anatero mnyamatayo.

"Amayi, pepani ndi zovutazi," anatero a Sajeni. "Ndimafuna ndilankhule naye payekha mwanayu."

"Lankhulani pompano. Zobisa zandiphera kale mmodzi."

A Sajeni anayala mapepala awiri aja pa tebulo, pakati pa nyundo ndi zidutswa za zitsulo. Mnyamatayo sanadzuke kuti aone.

"Achimwene anabwera nayo kuno envulopu," anayamba, mawu ali pansi. "Kuwerenga kunkawavuta, koma zimene namwino ananena anazimva. Anati tsegula undiwerengere. Nditawerenga ndinati basi achimwene, zatha, tiyeni tikamuuze kochi. Iwo anati yatsala miyezi ingati kuti umalize? Ndinati iwiri. Anati nambala 47 ikapanda kuoneka pa mpikisano uno akufufuta pa mndandanda wa othamanga, mayeso omaliza sulemba, ndiye zaka zinayi zipite m'madzi? Ndinakana masiku atatu. Tsiku lachinayi anatenga okha lezala n'kupala chilembocho, poti chimenecho ankachidziwa. Koma liwu loti mtima linatsala lokha, likuoneka moopsa. Anandigwiritsa cholembera. Anati mutu ukakula sulewa nkhonya, nkhonya iyi ndi yanga, iwe lemba."

"Ndiye unalemba."

"Ndinalemba. Mawu awiri."

Mayi uja anatembenuka pang'onopang'ono. "Za kuthamangazi ndinkadziwa. Za mtima ndikumva lero. Iwe unkadziwa?"

"Eya, amayi."

"Ine osandiuza."

"Anandiletsa."

"Anakuletsa." Mayiyo anabwereza liwulo ngati akulilawa. Sanalire. Anangofinya zogwirira za kachikwama kaja mpaka zala zinatuwa.

"Dzulo ndili m'mayeso ndinkamva akuimba kubwalo," mnyamatayo anapitiriza, ngakhale panalibe amene anamufunsa. "Mphenzi, Mphenzi. Kenako kunangoti zii. Ndinadziwa. Ndinali pa funso lachisanu. Ndinakweza dzanja kuti ndipemphe kutuluka. Aphunzitsi atafika pa desiki langa, ndinamva pakamwa panga pakupempha pepala loonjezera. Ndinaganiza kuti ngati ndituluka, ndiye kuti afera chabe." Anakweza maso koyamba. "Ndinamaliza mafunso onse, a Sajeni. Munthu wotani amatero?"

A Sajeni anaweramira pa tebulo. Pa zaka zawo zonse za ntchito anamangapo akuba, achiwembu, amuna omenya akazi, ndipo nthawi zambiri ankagona tulo tabwino. Anayang'ana mapepala awiri aja, anayang'ananso mbaula ya makala imene inali pakona. Fomu imodzi, machesi amodzi. Koma namwino anali ataona, kochi anali ataulula, mphunzitsi anali atalankhula pamaso pa a Wachiwiri. Ndipo ngakhale atawotcha chilichonse, pa bedi paja panali pakadali munthu wofunika dzina.

"Usachoke pano," anatero potola mapepalawo. "Khala ndi amayi ako."

* * *

A Wachiwiri anawalandira masana pakhonde la nyumba yawo, atavala malaya a kutchalitchi. Tsopano ankadziwa zonse, kapena tinene kuti tsopano anavomera kudziwa.

"Njira zilipo ziwiri, mayi Sajeni, ndipo ine ndikufuna yachifundo. Ngati amene wamwalira ndi wophunzira wathu, monga chitupa chikunenera, timuika ndi ulemu wonse. Palibe womangidwa. Mphunzitsi wathu wa masamu ndi wokalamba, anasokoneza nkhope. Mnyamata winayo apite kwawo mwakachetechete."

"Apite kwawo ali wakufa pa pepala? Digiri yake adzailandira bwanji?"

"Tikhoza kuipereka kwa mayi ake, yaulemu, mufelemu. Zimachitika."

"Iye azidya felemu?"

A Wachiwiri anapukuta manja.

"Nanga ngati wamwalira ndi wowotcherera zitsulo?" anafunsa a Sajeni.

"Ndiye kuti yunivesite inanamizidwa ndi abale awiri kwa zaka zinayi. Wophunzirayo timuchotsa, zonse zimene analemba zifufutidwa, inu mutenga mlandu wanu wa pepala lachinyengo. Bokosi ndi galimoto, mukumvetsa, ndi za ophunzira athu okha."

"Kochi?"

"Naye anapusitsidwa, wosauka. Wandilembera kale kalata yodandaula."

"Dzulo anandiuza zina."

"Dzulo anali wosokonezeka ndi chisoni. Munali ndi mboni?"

Analibe mboni. Ali m'galimoto anaimbira bwana wawo, n'kufotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Bwanayo anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati umboni umene ulipo ndi wa dzanja la mnyamata, ndiye atenge mnyamatayo. Za akuluakulu a sukulu anati munthu wotsala ndi chaka chimodzi pa ntchito asamakwere mitengo italiitali.

* * *

Lolemba m'mawa anakumana ku nyumba yachisoni ya chipatala chachikulu. Asanalowe, a Sajeni anamutengera pambali mayi uja, n'kumuuza njira ziwiri zija momwe anazimvera, osachotsa, osaonjezera. Sizinali zololedwa, koma anaona kuti mayiyo ndiye woyenera kuzimva. Iye anamvetsera akuyang'ana pansi.

"Ndiye kuti konsekonse wamng'onoyu watha," anatero.

"Konsekonse, amayi."

Kalaliki wa pawindo anali ndi fomu ndi cholembera chomangirira ku chingwe. "Mwauona mtembo? Ndi mwana wanu? Dzina lake?"

Mnyamata uja anaima kumbuyo kwa amayi ake, manja ali m'matumba. A Sajeni anayang'ana khoma.

Mayiyo anatchula dzina la wamkulu, lonse, mokweza, n'kudikira mpaka kalaliki atamaliza kulemba.

"Anathamanga ndi dzina la mwini," anatero. "Sakagona nalo."

Panja panali lole yaing'ono yonyamula zitsulo, imene anzake a malemuyo a kushedi anabwereka. Bokosi anakhoma okha Lamulungu lija, la matabwa osapala bwino, koma zogwirira zake zinali zachitsulo, zowotcherera mwaluso. Ku yunivesite sikunabwere kwaya, sikunabwere kochi, sikunabwere wothamanga ndi mmodzi yemwe. Anabwera mphunzitsi wa masamu yekha, pa basi, atavala jekete yake yomwe ija. Anapereka moni kwa mayiyo atagwira chipewa pachifuwa, kenako anaima pamaso pa wophunzira wake.

"Andiuza m'mawa uno kuti dzina lako ndilichotse m'kaundula," anatero. "Ndawauza kuti cholembera changa chatha inki. Apeza wina wochotsa, usakayike. Ndangobwera kuti udziwe kuti si ine."

Mnyamatayo anagwedeza mutu.

Anthu anayi ananyamula bokosi n'kulikweza pa lole. A Sajeni anatsegula chitseko cha kumbuyo cha galimoto ya polisi. Unyolo anausiya m'thumba.

"Tiye, mwanawe. Tikalembe zimene unandiuza. Ndiyesetsa kuti akutulutse ukaike nawo maliro, koma sindikulonjeza."

Analowa yekha, osakankhidwa, n'kukhala ataweramitsa mutu.

Magalimoto awiriwo anaima moyang'ana kosiyana, lole kumsewu wotuluka m'tauni, ya polisi kumsewu wolowa. Mayi uja anatsala pakati, kachikwama kali m'manja. Anayang'ana bokosi, anayang'ana mwana amene anali kuseri kwa galasi. Woyendetsa lole analiza injini. A Sajeni anatsegula chitseko cha kutsogolo, n'kuchisiya chotsegula.

Mayiyo anayenda mpaka pa galimoto ya polisi. Anawerama pawindo, analowetsa dzanja, n'kukonza kolala ya malaya a mwana wake imene inapindika.

"Iwe takhala tikukuperekeza tonse zaka zinayi," anatero. "Lero ndiperekeze mkulu wako."

Anatseka yekha chitseko chimene a Sajeni anamutsegulira, anawoloka, ndipo owotcherera zitsulo awiri anamugwira manja kumukweza pa lole. Anakhala pansi pambali pa bokosi, nsana atalozetsa kutauni.

A Sajeni anadikira mpaka lole itakhota pa ngodya. Kumbuyo kwawo mnyamata uja anayamba kulira, koyamba chichitikireni zonsezi, kulira kwa munthu wamkulu kopanda mawu. Sanamutonthoze. Anakweza magalasi a mawindo kuti anthu a pamsewu asamuone, n'kuliza galimoto.